Nsalu zimene ndimapinda Loweruka

Loweruka lililonse kukacha kopanda mitambo, mudzandipeza nditagwada pa kapeti m'shedi yaikulu ya malata, pabwalo lina la ndege zing'onozing'ono kunja kwa Johannesburg. Mkati mwa sabata ndimasoka makatani ndi nsalu za mipando m'tauni, koma Loweruka ndimapinda maparachuti. Anthu amalumpha m'ndege, n'kutera pa udzu, n'kulowa m'shedimo atakumbatira nsalu ndi zingwe ngati mayi amene waanula zovala mvula itayamba kudontha. Amatula zonsezo pamaso panga n'kupita kukamwa madzi, ndipo pakatha mphindi makumi awiri amafuna chikwama chawo chili chotseka kuti akwerenso.

Tsiku limene ndinawauza amayi pa foni za ganyu ameneyu, anakhala kaye chete. Kenako anati, "Mwanangu, anthu amenewo moyo atopa nawo? Nanga iwe ukulowamo bwanji m'zoterezi? Wina akadzafa adzati wapha ndiwe." Ndinangoti ndalama yake ndi yabwino, chifukwa nthawi imeneyo ndinalibe china chonena. Papita zaka zinayi tsopano, ndipo funso lawo lija ndimagwada nalo pa kapeti sabata iliyonse.

Malemu bambo anga anali telala. Anakhala zaka zambirimbiri pakhonde la sitolo ina ku Limbe, akupalasa makina a Singer ndi phazi. Munthu akabwera ndi chovala chogula kuti amuchepetsere, iwo asanayang'ane mtundu wake ankayamba achitembenuza kuti aone msoko wa mkati. Ankati kunja n'kwa wogula, mkati n'kwa telala. Choncho tsiku loyamba kugwira chikwama cha parachuti, manja anga anachita zimene anazolowera: ndinatembenuza malamba amene munthu amavala m'mapewa ndi m'ntchafu kuti ndione mmene anawasokera. Ulusi wake ndi wa nayiloni wokhuthala, ndipo paliponse pokumana malamba awiri msoko umapita uku ndi uku kangapo, mwa dongosolo lowerengeka, osadumpha ngakhale pamodzi. Ena mwa malamba amenewa amapirira makilogalamu oposa 2,500 asanaduke. Nsalu ya parachutiyo ndi yopyapyala moti dzuwa limaonekera, koma mukaiyandikiza kumaso mumaona timabokosi ting'onoting'ono ta ulusi wolimba tolukidwira momwemo, toti pakang'ambika pang'ono, kung'ambikako kuime pomwepo kusapitirire. Ndinadziwa kuti amene anasoka izi ankaganiza ngati bambo anga.

Pali telala mmodzi amene sachoka m'maganizo mwanga. Dzina lake Franz Reichelt, ankasoka zovala ku Paris. Masiku amenewo ndege zinali zitangoyamba kumene ndipo oyendetsa ankafa kawirikawiri, choncho iye anasoka chovala choti munthu akamagwa chizitambasuka n'kumugwira m'malere. Anachiyesa kangapo pa zidole, ndipo zotsatira zake sizinali zokhutiritsa. Iye ankati vuto ndi loti malo oponyera zidolezo anali ofupika. Pa 4 February 1912 anakwera pa nsanja ya Eiffel, pamalo otalika mamita 57, akuluakulu a mzinda atamulola poganiza kuti aponya chidole. Anavala yekha. Anzake anamuletsa, anakana. Makamera a kanema analipo, ndipo anamujambula ataima m'mphepete nthawi yaitali, akuzengereza, kenako n'kudziponya. Nsalu sinatambasuke, anafera pomwepo.

Ambiri amaiona nkhani imeneyi ngati yoseketsa, koma ine imandiwawa, chifukwa mtima wa telala ndimaudziwa. Ukasoka chinthu ndi manja ako usiku ndi usana, kuvomereza kuti chikhoza kulephera kumakhala ngati kunyoza mwana wako. Reichelt anakwera nsanja ija ndi nsalu imodzi ndi chikhulupiriro chimodzi, opanda china chogwira ngati choyambacho chakana. Chikwama chimene ndimatseka lero chinapangidwa ndi anthu amene anayambira mbali inayo: anavomera kuti nsalu idzakana tsiku lina, kuti munthu adzaiwala, kuti manja adzanjenjemera, n'kuyamba kufunsa kuti zikatero achite chiyani.

N'chifukwa chake m'chikwama chilichonse muli maparachuti awiri. Yam'munsi ndi imene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, imene ndimapinda ine. Yam'mwamba ndi ya sipeya, amaitcha reserve, ndipo ine sindiloledwa kuikhudza n'komwe.

Munthu akatuluka pakhomo la ndege, liwiro limakwera kwa masekondi khumi ndi angapo, kenako limakhazikika pa makilomita pafupifupi 200 pa ola ngati akugwa chafufumimba atatambasula manja ndi miyendo. Nthawi yotsegula ikakwana amapisa dzanja lamanja kunsi kwa chikwama, pafupi ndi thako, n'kusolola kaparachuti kakang'ono kotchedwa pilot chute, n'kukaponya mumphepo. Kameneko kamakoka lamba wopyapyala, lambayo amasolola pini yokhota, chikwama chimatseguka, thumba la nsalu limanyamuka, zingwe zimasololoka m'timalabala timene ndinazipanira, ndipo nsalu imatuluka pomaliza zingwe zonse zitawongoka. Zonsezi zimatenga masekondi atatu kapena anayi, ndipo chilichonse chiyenera kudikira chinzake. Nsalu ikatsogola zingwe zisanawongoke, munthu amakwapulidwa ngati wagundidwa ndi galimoto.

Pakati pa zonsezi pali kansalu kamakona anayi, kukula kwake ngati kathaulo, kokhala ndi mabowo anayi achitsulo mmene zingwe zonse zimadutsa. Amakatcha slider. Popinda ndimakakankhira m'mwamba mpaka kagunde pansalu. Mphepo imakagwira pamwambapo kwa kanthawi, choncho nsalu siingatambasuke kamodzin'kamodzi, imafutukuka pang'onopang'ono kansaluko kakutsetsereka. Kukaiwala m'munsi, munthu wothamanga makilomita 200 pa ola amaimitsidwa mwadzidzidzi, zingwe zikhoza kuduka, khosi ndi msana zikhoza kuvulala. Kansalu kameneka mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zina zonse m'chikwamamo, koma ndimakayang'ana kawiri ndisanakulunge.

Kwathu tikamva za parachuti timaganiza za asilikali a ku Salima ndi nsalu zozungulira ngati ambulera. Mtundu umenewo ndi wakale. André-Jacques Garnerin anatsika nawo kuchokera pa chibaluni ku Paris mu 1797, ndipo inamuzunguza kwambiri chifukwa mpweya unkasowa potulukira, mpaka anthu anaphunzira kusiya bowo pamwamba. Asilikali amaikondabe chifukwa amalumpha ambiri nthawi imodzi, ndipo safuna kuti aliyense aziuluka kopita yekha. Zimene timapinda ifezi ndi zamakona anayi, maganizo a Domina Jalbert, munthu wobadwira ku Canada amene moyo wake wonse ankapanga makaiti, ndipo anazitulukira m'zaka za m'ma 1960. Nsalu zimakhala ziwiri, yam'mwamba ndi yam'munsi, zogawidwa m'zipinda zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zinayi zotseguka kutsogolo. Mphepo ikalowa m'zipindamo nsalu imauma gwa, n'kusanduka phiko. Ili ndi zingwe ziwiri zowongolera: kukoka chakumanja umakhotera kumanja, kukoka zonse ziwiri pafupi ndi nthaka umachepetsa liwiro n'kutera choimirira.

Ndinaphunzira kulemera kwa ntchitoyi m'chaka changa choyamba, tsiku lina la December kukutentha kwambiri. Ndege inkangoti ikatera yanyamuka, zikwama zinali zitaunjikana, ndipo mnyamata wina anaima pambali panga akuyang'ana wotchi. Kaparachuti kokoka kaja kali ndi kachingwe mkati koti nsalu yaikulu ikatseguka kokha kafote, kasamakoke kumbuyo. Popinda uyenera kukakokanso kuti kakhale kokonzeka kugwira mphepo, ndipo palamba pali kawindo kakang'ono koonetsa chizindikiro cha mtundu ngati wachita bwino. Ndili pakati pa ntchito wina anandiitana kuti ndimuthandize kunyamula chikwama. Nditabwerera ndinapitiriza pamene ndinkaganiza kuti ndinasiyira. Ndinatseka, mnyamata anavala, nanyamuka.

Pabwalo pali mwambo woti asanakwere ndege aliyense amayang'anidwa ndi mnzake: malamba, zogwirira, mapini. Bambo wina wachikulire amene walumpha kwa zaka zambiri anatukula kachivindikiro kumbuyo kwa mnyamata uja, nayang'ana pakawindo, napeza chizindikiro palibe. Anabwerera naye m'shedi. Akanapanda kuona, mnyamatayo akanaponya kaparachuti kofota, kosatha kukoka bwino, ndipo akanatsala ndi masekondi owerengeka kuti azindikire vuto n'kuthawira ku ya sipeya. Miyendo yanga inazizira. Mayi amene amayang'anira zida pabwalopo sanandikalipire. Anandiuza kuti nditsegule chikwama chonse ndiyambirenso iwo ali pomwepo, ndipo nditamaliza anati, "Munthu akakudula pakati pa ntchito, usadalire kukumbukira. Bwerera kumbuyo, gwira chilichonse ndi dzanja." Kuyambira tsiku limenelo ndikagwada pansalu sindiyankha munthu, ngakhale foni ilire. Ena amati ndine wamwano. Ndimawapepesa ndikatseka.

Mayi amenewa ndi rigger, ndiye kuti munthu amene anaphunzira, nalemba mayeso, napatsidwa chilolezo chosoka ndi kupinda ya sipeya. Ine yanga ndimamaliza m'mphindi khumi ndi zisanu, iwo imodzi amatha nayo ola kapena kuposa. Amaitambasula yonse, kuyendera msoko uliwonse ndi chala, kuyang'ana ngati nsalu yadyedwa ndi dzuwa, thukuta kapena asidi, poti nayiloni amaoneka wabwino kunja atafooka kale. Ya sipeya imatsegulidwa ndi kupindidwanso nthawi yake ikakwana ngakhale sinagwire ntchito: ku America lamulo limati masiku 180 aliwonse. Akamaliza amamanga kaulusi kofiira papini, kupanapo kachidindo ka mtovu, n'kusaina pakakhadi kokhala m'chikwamamo. Chimene ndimakonda kuonerera ndi chomaliza: amayala zida zawo zonse patebulo n'kuziwerenga chimodzichimodzi. Chimodzi chikasowa ndiye kuti mwina chatsekeredwa mkati, ndipo amatsegulanso zonse. Bambo anga ankawerenga mapini awo asanapereke diresi ya ukwati.

Nsalu yaikulu ikatseguka molakwika, zingwe zitapotana kapena ikuzungulira mosaimitsika, munthu ayenera kuitaya kaye asanatsegule inayo, kuti ziwirizo zisakolane. Kale ankalimbana ndi zitsulo ziwiri, china phewa ili china phewa ilo, uku akuzunguzika. M'zaka za m'ma 1970 Bill Booth wa ku Florida anatulukira njira ya mphete zitatu. Paphewa lililonse pali mphete yaikulu, yapakati imalowa mu yaikuluyo, yaing'ono imalowa mu yapakati, ndipo yaing'onoyo imagwidwa ndi kachingwe kamene kamatsekedwa ndi waya wachikasu. Mphete iliyonse imachepetsa mphamvu yofika pa inzake, moti kulemera konse kwa munthu wozunguzika kukafika pawaya uja kumakhala kochepa koti dzanja limodzi likhoza kusolola. Chogwirira chake chili pachifuwa kumanja, cha ya sipeya chili kumanzere. Ophunzira amawabwereza mpaka kutopa: yang'ana, gwira, koka kumanja, koka kumanzere. M'ndege mumaona ngakhale akatswiri akugwiragwira zogwirira zawo mwakachetechete ngati munthu wopemphera. Zikwama zambiri zilinso ndi kalamba kolumikiza nsalu yaikulu ndi pini ya sipeya, koti yaikuluyo ikamachoka isolole yokha piniyo, ngati mwini wake wachedwa.

Ndaonapo kangapo nsalu yotayidwa ikuyandama yokha kumwamba ngati chitenje chouluzika pachingwe. Shedi yonse imatuluka panja, maso m'mwamba, mpaka yoyera ija ya sipeya itatseguka. Wopinda aliyense mumtima amafunsa funso limodzi: kodi ndi yanga? Nthawi zambiri vuto limachokera kwina, mwina mmene thupi linalili potsegula, komabe funsolo silichoka. Pambuyo pake timakwera bakkie, galimoto yapikapu, kukasaka nsalu ija m'minda ya chimanga ya anthu oyandikana nafe, ndipo wopulumukayo amagulira rigger botolo la chakumwa, monga mwa mwambo wa anthu olumpha kulikonse.

Nanga munthu akakomoka m'malere, atagundana ndi mnzake, kapena akangosokonezeka osayang'ana wotchi ya padzanja yoonetsa kutalika? Mu 1986 Helmut Cloth wa ku Germany anataya mnzake amene anafika pansi osatsegula. Anatha zaka zingapo akupanga kachipangizo kotchedwa CYPRES, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1991. Ndi kakompyuta kakang'ono kobisika m'chikwama cha ya sipeya. M'mawa mwini wake amakayatsa ali pansi, ndipo kamayeza mpweya wa pamalopo kuti kadziwe pamene pali nthaka. Kakaona kuti munthu wafika mamita pafupifupi 225 akadagwabe pa liwiro loposa mamita 35 pa sekondi, kamaphulitsa kaonga pang'ono, kampeni kamadula kachingwe kotsekera ya sipeya, ndipo sipuling'i imakankhira kunja kaparachuti kokoka. Pamenepo munthu amakhala atatsala ndi masekondi anayi okha kuti afike pansi. Makampani ena apanganso zofanana nako, ndipo kwa ophunzira ndi aphunzitsi olumpha atamangirira alendo pachifuwa, kachipangizo kotere ndi lamulo pafupifupi kulikonse. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikayang'ana chikwama ndimaona kuti pafupifupi kachidutswa kalikonse kanabadwa chifukwa wina anaika mnzake m'manda n'kukana kuti zichitikenso.

Ntchito yonseyi yabala zipatso. Bungwe la United States Parachute Association limati mu 2023 anthu ku America analumpha maulendo pafupifupi 3.65 miliyoni, ndipo amene anamwalira anali 10. M'zaka za m'ma 1970, olumpha ali ochepa kwambiri kuposa lero, ankamwalira oposa 40 pachaka. Koma pali china chimene chimandisowetsa mtendere. Ambiri mwa amene amavulala kwambiri kapena kufa masiku ano nsalu yawo imakhala itatseguka bwinobwino.

Wophunzira amapatsidwa nsalu yaikulu, yofatsa, yokhululuka akalakwitsa. Akazolowera amafuna yaing'ono, chifukwa yaing'ono imathamanga, imakhota msanga, ndipo akatswiri amatera nayo akuseseleka pamwamba pa udzu anthu akuombera m'manja. Ena amauluka ndi nsalu yosafika theka la ya wophunzira. Parachuti yamakona ikamakhota imaloza pansi n'kutsika mofulumira, ndipo imafuna mpata kuti iwongokenso. Kuno ku Joni kulinso china: dziko lake ndi lokwera, mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, makamaka masana kukatentha, choncho nsalu imene ku Cape Town imatera mofatsa kuno imafika ndi liwiro. Onjezanipo akamvuluvulu a nthawi ya chilimwe, amene amatha kufotetsa nsalu munthu ali pafupi ndi nthaka.

Chaka chatha mnyamata wina amene ndinkamupindira kawirikawiri anagula nsalu yaing'ono kuposa msinkhu wa luso lake. Aphunzitsi anamuuza kuti adikire. Ine ndinamuuzanso m'mawu anga ochepa, chifukwa ndinkaona mmene thumba lake lachepera m'manja mwanga. Anaseka n'kundisisita paphewa. Masabata angapo pambuyo pake anakhota ali pafupi kwambiri ndi nthaka. Phokoso lake ndinalimva ndili m'shedi. Anathyoka fupa la ntchafu ndi chiuno, ndipo mwamwayi ali moyo, akuyenda ndi ndodo. Ambulansi itapita ndinatuma mtima wanga kukatola nsalu yake pa udzu. Ndinaitambasula ndi mayi aja, tinayendera zingwe zonse ndi misoko yonse. Inalibe bowo ngakhale limodzi. Palibe kachipangizo kamene kakanamugwira dzanja pa sekondi imeneyo, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinalankhula mokwanira, kapena ndinachita manyazi poti ine ndi wopinda chabe, mlendo m'dziko la eni. Masiku ano ndikaona wina akuthamangira nsalu yaing'ono ndimapita kwa aphunzitsi ake n'kunena mosabisa, andikwiyire ngati akufuna.

Ine ndalumphapo kamodzi kokha. Anandimangirira pachifuwa cha mphunzitsi ndi ngowe zinayi, ziwiri m'mapewa ziwiri m'chiuno, njira imene Ted Strong ndi Bill Booth yemwe uja anaiyambitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Anthu awiri amalemera, choncho mukangotuluka mphunzitsi amaponya kaparachuti kena kamene kamakhala kakukoka kumbuyo nthawi yonse yogwa, kuti liwiro lisapitirire la munthu mmodzi. Nsalu yaikulu ya tsiku limenelo ndinapempha kuti ndipinde ndekha, mayi aja akuyang'ana. Chitseko chitatseguka mphepo inali yozizira ngati ya pa Mulanje mwezi wa June, ndipo minda pansi inkaoneka ngati zigamba zosokedwa pamodzi. Za kugwako ndimakumbukira phokoso lokha ndi masaya akugwedezeka. Chimene ndimakumbukira bwino ndi kutseguka. Ndinamva kugwedeza kwa thumba likunyamuka, timalabala tikumasula zingwe motsatana monga ndinazipanira, kenako ndinakweza maso n'kuona slider ikutsetsereka pazingwe kubwera kwa ife, zipinda zikudzaza mphepo kuyambira pakati kupita m'mbali. Kunangoti zii. Mphunzitsi anandipatsa zingwe zowongolera kuti ndigwireko, koma ine maso anali pamisoko ya pamwamba pathu.

Kanema wake ndinawatumizira amayi pa WhatsApp. Mlongo wanga akuti anamuonera katatu, atagwira pakamwa. Madzulo anandiimbira.

"Nsalu imeneyo anakupindira ndani?"

"Ndinapinda ndekha, amayi."

Anakhala chete monga tsiku loyamba lija, ndipo ndinkamva wailesi ikulira chapatali m'nyumba mwathu. Kenako anati, "Bambo ako akanati uwabweretsere aitembenuze, aone mkati."